Kulunjikitsa pisitolo: diso pa front sight, osati pa chandamale

Abale anga kuno ku Joni ambirife ganyu yathu ndi ya security, ndipo ena mwakwera kale mpaka armed response kapena zonyamula ndalama zija, ndiye mfuti ili m'chiuno tsiku ndi tsiku koma mukapita ku range, malo ophunzirira kuwombera, zipolopolo zikungomwazika pepala lonse, china pamwamba china pansi kumanzere, china sichikuoneka n'komwe komwe chapita. Zimandikhudza kwambiri chifukwa chipolopolo chophonya sichisowa kogwera, ku Hillbrow kapena ku Mayfair kuseri kwa khoma lililonse kuli munthu, mwana ali pa homuweki, mayi akuphika. Ndiye ndati ndilembeko za kaikidwe ka ma sight, tizitsulo tolunjikitsira mfuti tija, ndi poloza penipeni, zinthu zomwe pa kosi amangozidutsa mwachangu poti gulu ndi lalikulu ndipo zipolopolo ndi zowerengeka.

Tiyambe tamvana kaye, izi ndi za munthu amene akugwira mfuti mwalamulo, pa range yovomerezeka. Lamulo la kuno ndi Firearms Control Act 60 ya 2000, ndipo competency certificate, chikalata chochokera ku SAPS (apolisi a kuno) chosonyeza kuti ndinu woyenera kugwira mfuti, amapatsa nzika ya South Africa kapena munthu wa permanent residence, wazaka 21 kupita m'tsogolo kupatula pazifukwa zapadera. Maphunziro ake amadziwika ndi manambala, 117705 ya malamulo ndi 119649 ya kagwiridwe ka handgun, ndipo ngati mfutiyo ndi ya pantchito pamafunikanso 123515, kuwonjezera pa kulembetsa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito za security. Mfuti yogula pakona kwa anyamata isiyeni achimwene, imeneyo ndi jele ya zaka zambiri ndipo simudziwa kuti inapha ndani isanakupezeni. Malamulo anayi aja akhale m'magazi: mfuti iliyonse muziitenga ngati ili ndi chipolopolo, osailozetsa pa chinthu chomwe simukufuna kuchiwononga, chala chikhale kunja kwa trigger mpaka ma sight afike pa chandamale, ndipo dziwani chomwe mukuwombera komanso chomwe chili kuseri kwake.

Tsopano tengani pisitolo yopanda kanthu, magazini kunja, slide, chitsulo chapamwamba choyenda kutsogolo ndi kumbuyo chija, mwaikoka mwayang'ana mkati ndi maso komanso mwapisamo chala. Pamwamba pa slide pali tizitsulo tiwiri. Kakutsogolo, pafupi ndi potulukira chipolopolo, ndi kamtengo kamodzi koima, imeneyo ndiye front sight. Kakumbuyo kali ndi mpata pakati, imeneyo ndi rear sight. Ntchito yanu ndi kulowetsa kamtengo kakutsogoloko mu mpata wakumbuyowo mukamayang'ana, ndipo pali zinthu ziwiri zokha zoti muone. Choyamba, mutu wa front sight ufanane ndendende ndi mapewa awiri a rear sight, mzere umodzi wowongoka kuchoka kumanzere kufika kumanja, osati kamtengo katuluke pamwamba kapena kamire. Chachiwiri, kuwala komwe kukuoneka mbali ziwiri za kamtengoko kukhale kofanana, kampata kakumanzere ndi kakumanja kakhale kukula kumodzi. Basi. Kamtengo kakatuluka pamwamba chipolopolo chikwera, kakamira chitsika, kakatsamira kumanja chipita kumanja, kakatsamira kumanzere chipita kumanzere. Mfuti zambiri zili ndi timadontho titatu toyera, kamodzi kutsogolo tiwiri kumbuyo, Glock yochokera kufakitale ili ndi kadontho kutsogolo ndi kamzere koyera kozungulira mpata kumbuyo. Timadonthoto n'tothandiza kuti mupeze ma sight msanga makamaka pomwe kuwala kuli kochepa, koma mukafuna kuwombera molondola khulupirirani m'mphepete mwa chitsulo, mitu ija ndi timipata tija, chifukwa penti sikuti nthawi zonse anaiika pakati penipeni.

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Diso la munthu silingaone bwinobwino zinthu zitatu zotalikirana pa nthawi imodzi, rear sight ili pafupi, front sight patsogolo pang'ono, chandamale chili uko mamita 10 kapena 15. Limasankha chimodzi, zinazo zimachita mbuu. Ndiye musankhe front sight. Ioneke mbee, mpaka muziona timizere take ndi kachipsera kalikonse kali pamenepo, rear sight ichite mbuu pang'ono, chandamale chichite mbuu kwambiri, ndipo zikatero musadandaule kuti simukuona bwino, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ife amene tinakula ndi legeni kumudzi izi zimativuta kuposa azungu a pa range aja, chifukwa legeni timayang'ana mbalame, manja amangotsatira okha, ndipo thupi linazolowera zimenezo kuyambira tili ana. Pisitolo imafuna zosiyana, ndiye muyenera kuliphunzitsa diso mwadala, kulibweza pa kamtengo nthawi iliyonse likathawira ku pepala, ndipo limathawa ndithu, makamaka mukangowombera limafuna likaone bowo.

Chifukwa chake ndi masamu ophweka. Pa Glock 19 mtunda wochoka pa rear sight kufika pa front sight ndi pafupifupi mamilimita 153, pa Glock 17 ndi pafupifupi 165. Ndi waufupi kwambiri poyerekeza ndi mfuti yaitali, ndiye kakulakwitsa kakang'ono kamakula moopsa kakafika kutali. Front sight ikapendekera milimita imodzi yokha mu mpata muja, pa mamita 10 chipolopolo chigwera masentimita 6 ndi theka kuchoka pomwe mumafuna, pa mamita 25 ndi masentimita 16. Milimita imodzi achimwene, yosakwana n'komwe kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Koma ma sight akakhala kuti ali mumzere bwinobwino, kenako mfuti yonse n'kusuntha sentimita imodzi kumbali chifukwa manja akugwedera, pa pepala mwaphonya ndi sentimita imodzi yomweyo kapena kupitirira pang'ono. Mwaona kusiyana kwake? N'chifukwa chake ndimati kugwedera kwa manja kusakuopseni. Palibe munthu wamoyo amene amaimitsa mfuti chilili, olo akatswiri a mipikisano yowombera ya IPSC ndi IDPA front sight yawo imayendayenda pa chandamale, kungoti iwo amailola iziyenda uku mzere wa ma sight ausunga, ndipo akupitiriza kufinya trigger pang'onopang'ono. Amene sanaphunzire amadikira kamtengo kadutse pakati penipeni ndiye n'kukoka trigger mwamphamvu kuti apezerere, ndipo kukokako ndi komwe kumagwetsa mphuno ya mfuti chipolopolo chisanatuluke.

Musanapite patali dziwani diso lanu lotsogolera. Tambasulani manja onse awiri, pangani kabowo kakang'ono pakati pa zikhatho, yang'anani chinthu chakutali ngati switch ya pakhoma kudzera pa kabowoko maso onse ali otsegula, kenako bweretsani manja kumaso pang'onopang'ono osachitaya chinthucho. Diso lomwe manja afikirepo ndi lomwelo. Anthu ambiri a dzanja lamanja diso lawo limakhalanso lamanja, koma alipo ndithu a dzanja lamanja diso lamanzere, ndipo pa pisitolo si nkhani yaikulu, mungosunthira mfuti pang'ono kutsogolo kwa diso lotsogoleralo kapena kutembenuza chibwano pang'ono, mutu usagonere paphewa. Mfuti ndi imene imakwera kudzapeza diso, osati mutu kutsika kukafuna mfuti. Maso onse otsegula ndiye zabwino chifukwa mumaona zomwe zikuchitika m'mbali, koma ngati poyamba mukuona ma sight awiriawiri tsinzinani pang'ono diso linalo kapena matani kaselotepi kosaonekera bwino pa galasi la mbali imeneyo mpaka muzolowere.

Tsopano ma sight ali mumzere, funso ndi loti muwaike pati pa chandamale, ndipo apa mfuti zimasiyana, sikuti zonse anazipanga kuti ziziloza mofanana. Tiyerekeze chandamale chili ndi bwalo lakuda pakati. Njira yoyamba ndi ya 6 koloko, bwalo lonse limakhala pamwamba pa front sight, mutu wa kamtengo ukungokhudza m'munsi mwa bwalolo pomwe pamakhala 6 pa wotchi, ndipo chipolopolo chimakagwera pakati. Imeneyi amaikonda a mpikisano wa bullseye chifukwa bwalo limaoneka lonse, koma imagwira pa mtunda umodzi ndi bwalo la saizi imodzi, mukasintha pepala kapena mtunda zonse zasokonekera, ndiye kwa ife a pantchito ine sindiilimbikitsa. Yachiwiri ndi centre hold, mutu wa front sight umadula bwalo pakati, theka pamwamba theka labisika, ndipo chipolopolo chimagwera pa mutu wa kamtengo pomwepo. Yachitatu ndi combat hold, kadontho ka front sight kamaphimba malo omwe mukufuna chipolopolo chigwere, ndiye kuti bowo limatulukira kuseri kwa kadonthoko. Mfuti zambiri za apolisi ndi za security zimakhala za njira yachiwiri kapena yachitatu. Ngati mfuti yanu ndi ya combat hold koma inu mukuloza 6 koloko, zipolopolo zonse zizigwera pansi ndipo mudzayamba kuinena mfuti kuti ndi yokhota pomwe ilibe mlandu.

Mfuti yanuyo ndi ya njira iti? Musafunse pa gulu la WhatsApp, funsani pepala. Kaya ndi CZ 75, kaya Taurus, kaya Z88 ngati zija apolisi akhala akunyamula kwa zaka zambiri, kaya revolver ya .38 Special yomwe rear sight yake ndi kangalande chabe kosema pamwamba, kayesedwe kake n'kamodzi. Ikani pepala pa mamita 10, matani kachigamba kakuda kakang'ono pakati, khalani pansi manja atatsamira pa thumba la mchenga kapena chikwama, mpope wa mfuti usakhudze kanthu ndipo slide ikhale ndi malo obwerera. Lozani centre hold, mutu wa kamtengo pakati pa kachigamba, wombani zipolopolo zisanu modekha, chilichonse ngati ndi chokhacho chomwe muli nacho, ndipo osasintha poloza olo muone kuti choyamba chagwera pambali. Izi n'zofunika zedi, anthu ambiri akaona bowo lili pansi amakweza mfuti, lachiwiri likakwera amatsitsa, mapeto ake pepala ladzaza mabowo osanena kanthu. Mukamaliza ikani mfuti pansi ili yotsegula, dikirani a range officer alole, ndiye mukaone. Bwerezani kawiri kapena katatu pa pepala latsopano.

Choyamba kuyang'ana si kuti mwamenya pakati ayi, koma kuti mabowo aunjikana pamodzi kapena amwazika. Akaunjikana moti chikhatho chikhoza kuwaphimba, muli bwino, ndipo pakati pa muluwo ndi pomwe mfuti yanu imagwetsera. Mulu ukakhala pamwamba pa kachigamba ndiye kuti mfutiyo imafuna muziloza m'munsi pang'ono, ukakhala pansi pang'ono ndiye kuti ndi ya combat hold, phimbani ndi kadontho muyesenso. Mabowo akamwazika paliponse musakhudze ma sight, vuto lili pa diso kapena pa chala. Kumwazika kopanda mbali nthawi zambiri ndi diso lomwe lili pa pepala m'malo mwa front sight. Kutsika pansi kumanzere kwa munthu wa dzanja lamanja, kapena pansi kumanja kwa wamanzere, imeneyo ndi nthenda ya pafupifupi aliyense woyamba, thupi likuopa kulira kwa mfuti ndiye likukankhira mfuti pansi nthawi yomwe chala chikukoka, komanso zala zina zitatu zija zikufinya chogwirira limodzi ndi chala cha trigger. Mankhwala ake alipo. Mnzanu akuikireni magazini, asakanizemo zipolopolo zabodza za pulasitiki zija amati snap caps inu osaona, ndiye mukafika pa chabodza mfuti ingoti kete osalira ndipo mudzaona ndi maso anu mphuno ikudumphira pansi. Mukachiona kamodzi simudzatsutsanso, ndipo kuchokera pamenepo thupi limayamba kumva.

Chala chigwire trigger ndi mnofu wa kumapeto uja, pomwe amadinda fingerprint ku Home Affairs, ndipo chizikoka molunjika kumbuyo osakankhira kumbali, mphamvu ikuwonjezeka pang'onopang'ono mpaka mfuti ilire yokha. Pa revolver kapena kuwombera koyamba kwa double action, pomwe chala chimakoka hamala ya mfuti n'kuimasulanso, trigger imakhala yolemera ndi yaitali, chala chikhoza kulowa pang'ono mpaka pa mfundo yoyamba, koma kukoka kwake kukhale kumodzi kosadukiza. Dzanja linalo, lothandizira, ligwire molimba, lidzaze mpata wonse wotsala pa chogwirira, zala zazikulu zonse ziwiri ziloze kutsogolo pa pisitolo ya slide, ndipo chala chachikulu chisadutse kuseri kwa slide chifukwa imacheka ndithu. Mfuti ikalira musathamangire kutsitsa kuti muone bowo. Diso likhale pa front sight, muione ikudumpha m'mwamba ndi kubwerera mu mpata wake, ndiye ngati mwawombera kamodzi muyenera kuona ma sight kawiri, isanalire ndi italira. Mukazolowera mudzayamba kudziwa komwe chipolopolo chagwera musanayang'ane pepala, mungoti ichi chapita kumanja chifukwa ndinaona kamtengo katatsamira kumanja pomwe imalira, ndipo mukapita kukaona n'kupeza zoona. Munthu akafika pamenepo ndiye kuti wayamba kudziphunzitsa yekha, chipolopolo chilichonse chikumuuza kanthu.

Nanga ngati mulu ndi wabwino, woumbana, koma nthawi zonse uli kumanzere masentimita 5? Perekani mfutiyo kwa instructor awombere zisanu. Iye akamenya pakati, vuto ndi inuyo amwene, bwererani pa chala ndi kagwiridwe. Naye akagwetsera kumanzere komweko ndiye kuti ma sight akufunika kusuntha, ndipo lamulo lake ndi ili: rear sight imapita komwe mukufuna chipolopolo chipite, front sight imapita mbali yosemphana. Mukufuna mulu upite kumanja, rear sight isunthire kumanja. Mukufuna mulu ukwere, rear sight ikhale yaitali kapena front sight ikhale yaifupi. Ndipo kusuntha kwake n'kochepa kwambiri, pa Glock 19 kuti mulu uyende masentimita 5 pa mamita 10 rear sight isunthe mosakwana milimita imodzi, pafupifupi 0.8. Si ntchito ya hamala ndi msomali pa khonde ayi, gunsmith, wokonza mfuti, ali ndi chida chokankhira pang'onopang'ono. Mfuti ikakhala ya kampani musaigwire n'komwe, lembani lipoti ipite kwa amene amasunga mfuti, chifukwa mawa ainyamula mnzanu wa shifiti ina. Ndipo ngati kuntchito kwanu mumasinthana mfuti, pemphani kuti pa tsiku la range muwombere ndi mtundu womwewo umene mumanyamula.

Zipolopolo nazo zimasintha pogwera. Za 9mm zimabwera zolemera mosiyana, 115, 124 ndi 147 grain (muyezo wa kulemera kwa chipolopolo) ndi zomwe zimapezeka kwambiri, ndipo zolemera zoyenda pang'onopang'ono nthawi zambiri zimagwera pamwamba pang'ono pa mtunda waufupi chifukwa zimachedwa kutuluka pomwe mphuno yayamba kale kukwera. Pa mamita 7 mwina simungaone kusiyana, pa 25 kumaoneka. Ndiye mukamayesa poloza yesani ndi zipolopolo zomwe mumayenda nazo, osati zotchipa za pulakatisi zokha.

Ndikudziwa kuti zipolopolo n'zodula ndipo ndalama ikudikiridwa kumudzi, fizi ya ana, feteleza, ndiye range ya sabata iliyonse si ya aliyense. Kwa amene muli ndi laisensi yanuyanu ndipo mfuti imagona mu sefa kunyumba, dry fire, kufinya trigger mfuti ilibe chipolopolo, ndi yaulere ndipo imaphunzitsa ma sight kuposa phokoso la pa range. Chotsani magazini, yang'anani kawiri mu chamber, momwe mumakhala chipolopolo chodikira kuwombedwa, zipolopolo zonse zipite chipinda china, sankhani khoma la njerwa lomwe kuseri kwake kulibe munthu, osati la bolodi ngati a m'mafulati ogawa ndi makatani aja a ku Yeoville. Lozani pa khoma loyera lopanda chizindikiro chilichonse, dala, kuti diso lisowe kothawira likhale pa front sight basi. Finyani trigger mpaka iti kete uku mukuyang'ana ngati kamtengo kagwedezeka mu mpata. Kenako ikani kakobidi kapena chikhokhombe cha chipolopolo chowombedwa kale pamwamba pa slide kufupi ndi front sight, finyaninso, chisagwe. Mphindi 10 zokwanira, mukatopa siyani chifukwa manja otopa amaphunzira zolakwika. Mukamaliza nenani mokweza kuti ndamaliza, mfuti ibwerere mu sefa, osati mwaika magazini kenako n'kuganiza zoyesa kamodzi komaliza, ngozi zambiri za m'nyumba zimachitika pamenepo. Mfuti za .22 zambiri sizifuna dry fire popanda snap cap, onani buku lake.

Pa range ya panja dzuwa la kuno ku Highveld limawala kwambiri, ndipo likamenya mbali imodzi ya front sight kamtengo kamaoneka ngati kadyeka mbali imeneyo, inu n'kumakonza mzere womwe unali bwinobwino. Akale ankadetsa ma sight ndi mwaye wa laita kuti asanyezimire, zimagwirabe pa ma sight achitsulo, koma a pulasitiki ngati a Glock kapena okhala ndi kachubu kowala musayandikize moto. Chipewa cha khonde chimathandizanso. Zotseka m'makutu ndi magalasi musavule olo kamphindi, kulira kwa 9mm kumafika cha m'ma decibel 160 ndipo khutu likawonongeka silibwerera, komanso sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya chifukwa cha mtovu.

Amalume athu amene mwadutsa zaka 40, ngati front sight yayamba kuoneka mbuu olo muyesetse bwanji, si kuti mwaiwala kuwombera, ndi maso omwewo omwe akukuchititsani kutalikitsa foni mukamawerenga meseji. Yezani mtunda wochoka pa diso kufika pa front sight manja atatambasuka, pitani nawo kwa a magalasi muwauze kuti mukufuna muziona bwino pa mtunda umenewo, mfutiyo osapita nayo, nambala yokha ikwanira. Ena amaika front sight ya fibre optic, ya kachubu kowala kofiira kapena kobiriwira, ena rear sight ya mpata wokulirapo kuti kuwala kwa m'mbali kuchuluke. Ena asamukira ku red dot, kagalasi koikidwa pamwamba pa slide koonetsa kadontho kofiira, ndipo pamenepo malamulo a diso amatembenuka, mumayang'ana chandamale maso onse ali otsegula, kadontho kofiira kamangoyandama pamenepo ndipo simukathamangitsa ndi diso. Koma batire imatha ndipo galasi limasweka, ndiye ikani ma sight achitsulo ataliatali oti azioneka kudzera mu galasilo, ndipo nawonso muwayese pa pepala pa mamita 10 monga tanenera, kenako pa 15 ndi pa 25, mulembe m'kabuku pomwe mulu ukugwera pa mtunda uliwonse ndi mtundu wa chipolopolo chomwe munagwiritsa ntchito.